Fumbi Losatera

6 Malichi

Akulu anga okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti kachifuwa kaja sikanandisiyebe, koma musayambe kukuwa, ndimakudziwani. Mundiuze za mwendo wa alamu, ndiponso ngati makina anu osokera anasiya kudya ulusi. Mukapeza uchi weniweni mupatsireko dalaivala wa lole ya miyala amene akubweretserani kalatayi. Wa kuno ndi shuga wosungunula basi.

Amuna anga, a Mzukwa anu aja, akupereka moni. Dzina munawapatsa lija lafika mpaka ku shedi kumene amagwira ntchito, anzawo onse akuwaitana choncho. Nanga munthu wosema miyala ya pamanda, wobwera kunyumba ali mbuu kuyambira tsitsi mpaka nsapato, angatchedwenso ndani? Koma musawadere nkhawa. Chimphuno cha labala ndinawagulira chija, chonga cha nkhumba, savula akamadula mwala. Ndinawauza kuti tsiku ndidzamve kuti avula, adzagone ku shedi komweko.

Ntchito yanga ndi yomwe ija, kuchapa maovolosi a amuna onse a ku shedi, ndipo chaka chino awonjezeka. Munandifunsa ndili kwanuko chifukwa chake ndimayamba ndawakuntha ali ouma. Akulu, fumbi la mwala si la pamsewu. Likakhudza madzi limasanduka matope olimba ngati simenti. Ndili mtsikana wongofika kumene linatseka ngalande ya bwalo lonse, eni nyumba anatsala pang'ono kutithamangitsa. Nditayamba kukunthira panja, amayi a khomo lachiwiri anati ndikuwadetsera matewera pa chingwe. Ndiye kuyambira pamenepo ndimakunthira m'chipinda mwathu, chitseko ndi zenera zili zotseka, kenako n'kusesa. Zaka khumi ndi ziwiri tsopano palibe wondinena pabwalo pano.

Pa denga pali kabowo ka msomali. Masana dzuwa limalowerapo ngati ndodo yowala, ndipo ndikamaliza kukuntha ndimakhala pa bedi kuti ndipume, n'kumaonerera tifumbi tikusewera m'menemo. Tifumbi timeneti sitithamanga, sititera pansi, timangozungulira. Ukatiuzira timabalalika, pakapita kanthawi tabwerera. Kanema wanga ndi ameneyo, wosalipira.

Ndine mng'ono wanu,
Nthiwatiwa


21 Malichi

Nthiwatiwa,

Moni talandira. Tonse tili bwino, mwendo wa alamu ako unaphwa, makina akudyabe ulusi. Uchi ndi umenewo, ukaone ngati dalaivala sanalaweko.

Tsopano tamvera. Chifuwa chimene unabwera nacho kuno chaka chatha ukuchitchabe kachifuwa? Ine ndinakuona. Iwe amene unkathamangitsa mbuzi mpaka mbuziyo kugonja, unaima kawiri pa kamtunda ka kuchigayo, n'kumanamizira kuona maluwa. Siketi ndinakusokera ija ndinachita kuibweza m'chiuno. Ndinakulera ndine mayi atatisiya, sungandinamize.

Ndinena mosapsatira, ukwiye ukwiye. Mwamuna wa m'tauni, zaka zonsezi m'nyumba mulibe mwana, ukuganiza kuti akaweruka amapita kuti? Anthu ofatsa ngati ameneyo ndi amene ine ndimawaopa. Matenda owondetsa munthu chonchi sabwera ndi mphepo, amabwera ndi munthu. Pita kuchipatala akakuyeze zonse, magazi omwe, ndipo iyeyo umukoke apite nawo. Kukapezeka kanthu, nyamula chikwama ubwere kwanu.

Za tifumbi tako tovinato sindiyankha. Munthu wamkulu kumakhala pa bedi kuonerera fumbi, koma iwe.

Ndine mkulu wako


15 Epulo

Akulu anga,

Moni nonse. Uchi wafika wosalawidwa, zikomo.

Kalata yanu ndinakaiwerengera ku bafa kuti alamu anu asandione nkhope. Munailemba ndi singano. Komabe ndachita zimene munanena. Tinapita tonse awiri, iwo anajomba kuntchito osafunsa n'komwe chifukwa chake. Magazi athu tonse alibe kanthu. Makhololo ayeza mobwerezabwereza, chifuwa chachikulu sakuchipeza, koma akuti ndiyambebe mankhwala ake poti zizindikiro zikufanana. Ndikumwa, mkodzo wafiira, koma mpweya ndiye ukungocheperachepera. Ndisanayanike ovolosi ndimayamba ndakhala pansi.

Mukuti akaweruka amapita kuti. Amabwera kuno, amakanditungira madzi, amuna anzawo akuwaseka pa mpopi. Za mwana tinalira limodzi kalekale, tinamaliza. Musadzandilemberenso zotero, chonde. Ndimakukondani, koma apa mwandipweteka.

Amafuna kuti ndisiye kuchapa, ine ndakana. Munthu ukangokhala ndiye umadwala zenizeni. Tagwirizana kuti kufikisa ndi kufinya azichita okha madzulo, ine ndizingokuntha masana, poti kukuntha n'kopepuka.

Nthiwatiwa


30 Juni

Alamu,

Moni ndikupereka poti ndi ulemu, koma mtima wanga suli pa moni. Ndalembera mng'ono wanga makalata awiri, yankho palibe. Dalaivala akuti amakupatsani m'manja. Ndikamufunsa za mkazi wanu amayang'ana matayala.

Kodi mwamubisa kuti? Ngati wandikwiyira, anene yekha ndi dzanja lake, ndimalidziwa. Ngati wagona, bwanji simukunena? Munthuyo ali ndi kwawo. Mundiyankhe ndi lole yomweyi, apo ayi ndikwera pamwamba pa miyalapo ndidzadzionere ndekha.

Mlamu wanu


12 Julayi

Alamu anga olemekezeka,

Ndalandira kalata yanu, ndipo ndathokoza kumva kuti mulipo. Pepani pochedwa. Ine cholembera chimandivuta kuposa tchizulo, komanso mng'ono wanu anandiletsa, amati tidikire achire kaye kuti musade nkhawa. Lero ndaphwanya lamulo lake.

Ali m'chipatala chachikulu kuyambira mwezi wa Meyi. Anakomoka akuyanika zovala. Atamujambula m'chifuwa, adokotala, mayi wachikulire wa magalasi, anandiitanira m'kaofesi kawo n'kundifunsa kuti, "Akazi anuwa anagwirapo ntchito mu mgodi uti?" Ndinati sanapondemo phazi mu mgodi. Anati, "Nanga mwala wadzaza m'mapapomu wachokera kuti?" Ndinafotokoza ntchito yanga, ndiye anandijambula inenso. Mapapo anga ali ndi timadontho towerengeka, ake ayera ngati mwagwa nkhungu. Kenako anafunsa amene amachapa zovala zanga ndi mmene amachapira. Nditafotokoza anavula magalasi.

Anadzuka, anatseka makatani, anayatsa tochi, n'kundiuza kuti ndimenye mkono wa jekete langa kamodzi. M'kuwala kwa tochiyo munadzaza utsi. Anati, "Dikirani." Tinakhala. Zikuluzikulu zinagwa, koma utsi uja sunagwe.

Ndilemba mmene ndinamvera. Akuti fumbi limene timaliona, lotiyetsemulitsa lija, ndi lachifundo, chifukwa limatera msanga ndipo mphuno imaligwira. Loopsa ndi laling'ono zedi, loti m'lifupi mwa tsitsi limodzi mungandandalike timiyala makumimakumi. Limenelo n'lopepuka moti mpweya sulisiya kuti ligwe. Kutentha kwa thupi la munthu kokha kumalikweza m'mwamba, munthu akadutsa limamutsatira. M'chipinda chotseka limatha kuswera lili m'malere. Mng'ono wanu ankaima pakati pake pokuntha, kenako ankalidzutsanso ndi tsache, n'kukhala momwemo tsiku lonse. Ine ndinkafika madzulo litachepa. Likalowa limatsikira pansi penipeni pa mapapo, pamene kutsokomola sikungalitulutse. Thupi limalikulunga ndi zipsera, zipserazo n'kumauma. Ndinafunsa za mankhwala. Anati ochotsa mwala m'mapapo kulibe.

Ine ndinkaganiza kuti mwala ndi mwala, ngakhale uchepe bwanji uyenera kugwa pansi. Tonse ku shedi timaganiza choncho.

Adokotala akuti utsi wa m'tauni muno ndi chipinda chathu chija zimufupikitsira masiku. Akufunika kumene kuli mpweya wabwino. Ndikupempha kuti mumulandire kwanuko.

Ndine mlamu wanu


24 Julayi

Alamu,

Ndawerenga kawiri. Nkhani yanu mwaisema bwino ngati miyala yanu. Wodula mwala ndinu, tsiku lonse muli m'fumbi, koma wodwala fumbi ndi amene amatsala kunyumba? Ineyo ndimasesa tsiku lililonse chibadwire, bwanji sindinafe? Fumbi losaoneka, loswera m'malere! Mwapeza mboni yabwino, yoti palibe angaifunse mafunso.

Chimene ndamva ine ndi mzere womaliza. Pamene anali ndi mphamvu, akukuchapirani inu ndi anzanu onse, simunanenepo kuti kwawo kuli mpweya wabwino. Lero watha, mwakumbukira kuti ali ndi abale. Chabwino. Ndi wanga, ndinamusambitsa ndine ali khanda, ndimusambitsanso. Mubwere naye. Koma inu mudzamutsitse pa geti n'kubwerera ndi lole yomweyo. M'nyumba mwanga musadzalowe, sindikufuna kudzayankhula zinthu zoti ana anga amve.

Mlamu wanu


3 Ogasiti

Akulu anga,

Moni kwa alamu ndi ana. Mukaona zilembo zikukwera phiri musadabwe, ndikulemba chogona. Kuchipatala anditulutsa, akuti palibe chimene angawonjezere ndipo bedi likufunika ena.

Kalata yanu alamu anu anaibisa m'thumba la jekete, kuiwala kuti anakwatira wochapa zovala. Ndaiwerenga. Iwo alongedza kale chikwama changa, akuti adzanditsitsa pa geti monga mwanenera. Munthu ameneyu mutamuuza kuti agone pamsewu akhoza kugona.

Ine ndakana. Mvetsani bwino, akulu. Kwathu ndikukufuna, ndikumalota kamphepo ka m'mawa ka kuseri kwa nyumba yanu. Koma sindibwera kuti mwamuna wanga adzaime pa geti ngati wogulitsa makala. Ndikabanika ndi iwowa amene amadziwa pondigwira kuti mpweya ubwerere. Tibwera awiri, apo ayi sitibwera.

Sakunditaya. Amene mukuti akunditayawo asiya ntchito sabata yatha kuti azindiyang'anira. Ndipo sanandipatse matenda, anandipatsa zovala zoti ndichape, ngati mmene alamu amakupatsirani inu. Chimphuno chinali chimodzi, ndinaveka amene ndinkaona kuti ali pa ngozi. Mukanakhala inu mukanaveka yani?

Poti simukhulupirira chimene simunachione, ndakutumizirani mpango umene ndinkamanga kumutu pokuntha. Ndaukulunga m'pepala la pulasitiki, sindinauchape. Mulowe nawo m'chipinda chosokera nthawi imene dzuwa limalowera pa mng'alu wa zenera, mutseke, mumange nsalu yonyowa kumphuno, muukunthe kamodzi kokha. Mutuluke, mukachite zina, mubwerenso mudzaone. Mukatero mundiyankhe. Ndikudikira mawu awiri okha, akuti bwerani nonse. Musachedwe, akulu, miyendo ija munkaidziwa inatha.

Nthiwatiwa wanu


28 Ogasiti

Alamu anga olemekezeka,

Moni kwa inu ndi onse pakhomo. Sindikufuna kukuvutitsani, maganizo anu ndinawamva. Ndikulemba chifukwa mng'ono wanu akufunsa tsiku lililonse ngati lole yabwera. Inasowa masabata angapo, lero yafika, dalaivala akuti kalata palibe. Ndamuuza kuti mwina mwatanganidwa ndi mayunifolomu a ana a sukulu.

Ndamupempha kuti apite yekha, mpaka ndamugwadira. Akuti ayi. Mumamudziwa.

Chipinda ndachitsuka chonse ndi madzi, makoma ndi denga lomwe. Matiresi ndinataya, makatani ndinataya. Tsache sililowanso, ndimangokolopa. Ndikatsekula zenera mumalowa utsi wa mbaula za pabwalo ndi wa magalimoto, ndiye amatsokomola mpaka milomo kuda. Ndikatseka, m'mawa ndimapeza pamwamba pa wailesi payera, chonsecho ovolosi sinalowemo chiyambire Meyi. Sindikudziwa kumene likuchokera. Mwina lili m'mipata ya malata.

Ndinapita ku shedi kukauza anzanga kuti zovala azizinyika m'madzi komweko, asamapite nazo kwa akazi awo zili zouma. Ena amva, ena akuti chisoni chandisokoneza mutu. Amayi a khomo lachiwiri aja amabwera kudzakhala naye ine ndikapita kukatenga mankhwala, amamusambitsa, amamupesa tsitsi. Sakudziwa chifukwa chake ankakunthira m'nyumba. Iye akuti tisawauze.

Kuchoka pa bedi kukafika pa chitseko tsopano ndi ulendo. Ngati n'kotheka mulembereni, ngakhale mawu ochepa. Za ine musavutike kulemba kanthu.

Ndine mlamu wanu


10 Sepitembala

Nthiwatiwa wanga, ndi inu alamu,

Makalata anu awiri afika dzulo, tsiku limodzi. Lole inafera panjira mwezi watha, kalata yako ndi mpango zinatsala m'kabokosi ka kutsogolo, dalaivala n'kuiwala. Wandipatsa akupepesa. Sindinamukalipire, mphamvu zake ndinalibe. Ine mwezi wonsewu ndimati wandikwiyira, ndipo ndinati tione amene ayambe kugonja. Ndinkasoka maso ali kumsewu.

Ndachita zimene unanena, lero m'mawa. Ndinakuntha kamodzi. Ndinaona utsi, ndinati chabwino, fumbi ndi fumbi, ligwa. Ndinatseka chitseko, ndinakatunga madzi, ndinaphika, ana anadya, ndinatsuka mbale. Nditabwerera dzuwa linali litasunthira pa makina, ndipo m'kuwalamo tifumbi tija tinali tikadalimo, tikuzungulira pang'onopang'ono ngati tilibe kopita. Ndinatambasula dzanja kuti nditigwire, tinalambalala dzanja langa. Nditakoka mpweya ndinationa tikubwera ku nsalu ya pakamwa panga. Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira, mwana wa mayi anga. Mpango umodzi, kamodzi kokha. Nanga iwe, maovolosi a shedi yonse, zaka zonsezi?

Alamu, ndinakulakwirani. Ndinakunenani za akazi, ndinakunenani zotaya wodwala, inu mukutunga madzi. Pakamwa panga ndi pamene panatsekera mng'ono wanga njira. Mundikhululukire ngati mungathe. Ngati simungathe, mudzandikwiyire muli m'nyumba mwanga.

Bwerani nonse. Makina ndatulutsa, chipinda chosokera ndi chanu, chifukwa ndi chimene zenera lake limayang'ana kumunda. Ndatsekula ponseponse, ndakolopa pansi ndi makoma omwe, sindinasese. Kalatayi sindipatsa dalaivala, alamu ako alawira nayo okha ku basi ya m'mawa akapatse kondakitala m'manja. Bwerani nonse, ndabwereza kuti musati simunaone bwino.

Ndine mkulu wako


14 Sepitembala

Alamu anga,

Kalata yanu inafika Lachinayi masana. Ndinamuwerengera. Pamene munapepesa paja anati ndibwereze, akuti chibadwire sanamvepo akulu ake akupepesa, ndipo mwina sizidzachitikanso. Anaseka mpaka kubanika. Kenako anati nditsitse chikwama, ndiike diresi yobiriwira pamwamba kuti adzavale pofika. Tsiku limenelo anadya bwino. Tinagwirizana ndi dalaivala kuti tinyamuke Lolemba, iye akhale kutsogolo.

Watisiya dzulo, Loweruka m'mawa, dzuwa litatuluka. Sanavutike nthawi yaitali. Ndinali nditamugwira.

Lachisanu anandiuza zinthu ziwiri zoti ndikuuzeni. Choyamba, musamadziimbe mlandu za mwezi uja, akuti nonse awiri munabadwa ouma mutu ndipo akanakhala inu akanachita chimodzimodzi. Chachiwiri, pa manda ake pasadzaikidwe mwala. Akuti mwala wausenza mokwanira. Anzanga a ku shedi amafuna kusema wabwino kwambiri, ndawathokoza n'kuwakaniza.

Kalatayi ikubwera ndi basi kuti itsogole. Ife tinyamuka mawa monga tinapanganira, ndi lole yomweyo, tifika chakumadzulo. Diresi yobiriwira amuveka amayi a khomo lachiwiri.

Munalemba kuti tibwere tonse. Sindikudziwa ngati mawuwo akugwirabe ntchito pamene zinthu zatere, ndipo sindikukakamizani. Kuno ndilibenso chimene ndingatsalire, koma kwanuko ndinkalowa chifukwa cha iye. Tikafika ndidzatsika n'kuima pa geti. Ngati mawu aja akadalipo, mudzatuluke mudzanditenge, chifukwa ndekha sindidzalowa.

Ndine mlamu wanu